Matope akuda ndi chifuwa cha Tiyamike

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa chigubu kuseri kwa shedi yathu kuno ku Ras Al Khor, ku Dubai. Anzanga akudya, ine ndagwira cholembera. Ndikamaliza ndiijambula pa foni nditumize kwa azakhali ako, akupatse uwerenge usanatseke sutikesi. Kalembedwe kanga ukukadziwa, sukulu ndinalekera panjira, ndiye pamene pakhota uwongole wekha mumtima, usaseke kwambiri.

Mawa ukupita ku sekondale yogonera konko. Ndinkafuna ndikunyamulire katundu ndekha mpaka pageti, koma matenda a koronawa atseka njira. Nditachoka kuno sindikudziwa ngati angandilole kubwerera pantchito. Amayi ako nawo ali m'nyumba ya mabwana awo ku Mirdif, mu Dubai momwe muno, satuluka chisawawa. Tonse awiri tanyadira kuti unasankhidwa, ndipo tauza aliyense amene ali ndi makutu. Izo ndanena. Tsopano ndinene chimene chandikhazika pa chigubu pano.

Azakhali ako andiuza kuti za mphumu yako sukufuna kukauza munthu aliyense kusukuluko. Akuti kapampu kako kopopera m'kamwa kaja wakakulunga m'sokosi n'kukaponya pansi penipeni pa sutikesi. Usawakwiyire, achita bwino kundiuza. Akuti ukuopa kuti ukakangotsokomola, atsikana anzako akati ndi korona, akakuthawa, amatroni akakutsekera m'kachipinda kawekha kapena kukubweza kunyumba sabata yoyamba yomweyo. Mantha amenewo si opusa ayi, ndipo sindikukukalipira. Masiku ano munthu akatsokomola m'basi anthu amamuyang'ana ngati waba mbuzi. Koma mayi, mphumu yako ine ndimaidziwa. Ndinakuberekapo kumsana kuthamangira kuchipatala uli wamng'ono, milomo itada, pachifuwa pakulira ngati mwalowa kamwana ka mphaka. Chinthu chimenecho sichibisidwa m'sokosi.

Ine za m'mabuku ndilibe zokuuza. Ndikuuza za kuntchito kwanga, chifukwa ndizo ndikuzidziwa.

Ndamva kuti anzako umawauza kuti bambo ako ndi msodzi ku Dubai. Ndinaseka mpaka misozi. Nsomba sindinagwirepo ngakhale imodzi, ntchito yanga ndi matope. Kampani yathu imatumidwa kukaona ngati pansi pa nyanja pali bwino kapena pawonongeka. Timakwera boti, tikafika pamalo timatsitsa chitsulo chokhala ngati nsagwada, timachitcha girabu, chimakaluma pansi n'kubwera ndi matope kapena mchenga. Ine ndi mnzanga wa ku Chipata ku Zambia, ba Mwale, timatsuka zimenezo pa sefa ya timabowo ting'onoting'ono, zotsala timaika m'mabotolo n'kuthiramo mankhwala oti zisawole. Zambiri mwa zotsalazo ndi nyongolotsi za m'nyanja. Si ngati za kudimba zija ayi, izi zili ndi tiubweya tolimba m'mbali zonse ziwiri, ungati timiyendo ta bongololo, ndipo zina ukazigwira ndi manja zimayabwa ngati chitedze. Amene amaziwerenga pa galasi lokulitsa zinthu ndi madamu athu, mayi wa ku India amene anaphunzira za zamoyo za m'nyanja. Iwo akaona mtundu wa nyongolotsi zimene zikukhala pamalo, amadziwa mmene malowo alili. Ine yanga ndi sefa ndi kunyamula.

Nditangoyamba kumene ntchitoyi, tinapita kumapeto kwa khor, mkono wa nyanja umene walowa mkati mwa tauni. Kumeneko madzi sayenda, amangokhala phee ngati a pachithaphwi. Girabu inatulutsa matope akuda bii, onunkha ngati dzira lowola. Nditasefa, sefa yonse inali nyakanyaka tinyongolotsi tofiira, towonda ngati ulusi. Ine kukondwa. Ukudziwa kwathu ukamalima padimba, khasu likamatulutsa nyongolotsi zambiri umadziwa kuti apa ndiwo zichita bwino. Ndiye ndinanyamula sefa ija kuthamangira kwa madamu.

"Madamu, apa ndiye pachonde! Taonani kuchuluka kwake!"

Ba Mwale anagwira m'mimba ndi kuseka. "Mudala, mufuna mushange repu pansi pa nyanja?" Kushanga ndiko kudzala m'Chinyanja chawo.

Madamu sanaseke. Anandiuza kuti ndiyang'anenso, ndisawerenge mitu, ndiwerenge mitundu. Ndinayang'anitsitsa. Mtundu unali umodzi wokhawokha, tofiira tomweto basi. Anandifotokozera pang'onopang'ono, m'Chingerezi choti ndimve. Akuti pamene madzi sayenda, zinyalala zimadikha pansi n'kumawola, ndipo kuwolako kumamaliza mpweya wa m'madzi. Nyongolotsi zina zonse zimafa kapena sizifikako n'komwe. Kamtundu kofiira aka n'kopirira, ndiye kamaswana kokhakokha popeza palibe wolimbana nako. Malo amene ine ndinati pachonde anali malo odwala.

Pambuyo pake tinapita kunja, moyang'anana ndi Jumeirah, kumene mafunde amayenda usana ndi usiku. Girabu inabwera ndi mchenga woyera wosakanikirana ndi tizigoba tosweka, wopanda fungo. Nyongolotsi sizinali zambiri, koma iliyonse ndi nkhope yake. Zina zimamanga timapaipi tamchenga n'kumakhala mkatimo, zina zili ndi nthenga kumutu ngati duwa, zina n'zazitali za nsagwada zoluma. Madamu anati pamchenga wotero madzi amalowa pakati pa timiyala ndi mpweya wake, ndiye aliyense amapeza pokhala. Anakondwa ndi sefa imeneyo kuposa yanga yodzaza ija.

Tsono mvetsera, Tiyamike, chifukwa apa ndikunena za bedi lako. M'hositelo ya sukulu sindinagonemo, koma kuno timagona ambiri chipinda chimodzi pa mabedi osanjikiza, ndiye khalidwe la anthu ndikulidziwa. Aliyense amathamangira pakona ya mkati, kutali ndi chitseko, chifukwa n'potentherapo ndipo woyang'anira safikapo msanga. Pamenepo ndi pamene pamadzaza, nkhani ndi kuseka zimakhala pomwepo, ndipo iwe ukakopeka. Usapiteko. Pamenepo mpweya suyenda. Pamakhala matawulo onyowa, nsapato, ndi mafuta onunkhira opopera aja amene amakutseka pachifuwa. Iwe ukafune bedi la kufupi ndi zenera, ndipo likhale la pamwamba, chifukwa wogona pansi amapuma fumbi la matiresi a mnzake usiku wonse. Kukazizira ukavale juzi n'kufunda mpaka m'khosi, koma zenera lisatsekedwe lonse. Akakuseka kuti wagona kwawekha ngati mlonda, useke nawo, koma usasamuke.

Ndipo kuti bedi limenelo ulipeze, ulawire. Ndawauza kale azakhali ako kuti mukwere minibasi yoyamba, asayambe zokatsanzika mudzi wonse. Madamu anandiuzapo kuti tiana ta nyongolotsizi timayamba tayandama m'madzi, ndiye tikafika pansi tina mwa ito timayamba talawa kaye mchengawo, pakapanda kutikomera timanyamukanso. Koma tikakhazikika, khalas, kwatha, ndi pomwepo mpaka imfa. Nawenso ukalowa m'hositelomo usangoponya sutikesi pabedi loyamba kuliona. Yenda kaye, nunkhiza, yang'ana kudenga ngati kuli nkhungu. Tsiku loyamba ndi limene munthu amasankha, pambuyo pake kusintha kumavuta.

Tsiku lina tinagwira ntchito kufupi ndi fakitale ina yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja kuti anthu amwe. Kuno kulibe mitsinje kapena mijigo, madzi akumwa amachokera m'nyanja momwemo, ndipo mchere wotsalawo amaubwezera m'nyanja pa chipaipi. Pamalo oyamba girabu inabwera ndi matope ochepa, chidebe sichinadzaze. Malo achiwiri anali pafupi, ngati kuchokera kwa azakhali ako kufika kuchigayo. Ine poganiza kuti ndikuthandiza, ndinatapa matope a malo achiwiriwo n'kudzazira chidebe choyamba, madamu akuona, ndilibe ndi mantha omwe. Anakuwa mpaka woyendetsa boti anatembenuka.

Ndinati, "Koma madamu, madzi ake ndi amodzimodzi. Taonani, konse n'kobiriwira chimodzimodzi."

Anataya chidebe chonse m'madzi, tinabwerera kukayambiranso. Kenako anandiitana. Ali ndi kachipangizo komangirira kuchingwe kamene amakatsitsa m'madzi, kamayeza mchere, kutentha ndi mpweya. Anandipatsa chingwecho kuti nditsitse ndekha. Pamwamba malo awiriwo analidi ofanana, sindinaname. Koma kachipangizo katafika pansi, pafupi ndi chipaipi paja mchere unali wokwera ndithu. Akuti madzi a mchere wambiri ndi olemera, ndiye amamira n'kumakwawa pansi, pamwamba osaonetsa kanthu. Nyongolotsi za pamenepo zinali zochepa ndi za mitundu yochepa, pamene malo enawo zinali zosiyanasiyana. Ine ndinasakaniza midzi iwiri chifukwa ndinayang'ana pamwamba pokha.

Amatroni ako nawonso akayang'ana pamwamba pokha, mwana wanga, osati chifukwa ndi oipa, koma atsikana ndi ambiri, maso ndi awiri. Akaona yunifolomu yosita, mtsikana womwetulira wonena kuti zikomo. Alibe chingwe choti atsitse m'chifuwa mwako. Ukapanda kuwauza, akakuika pagulu losesa m'hositelo m'mawa, fumbi lili koboo, kapena kukuthamangitsa pabwalo kukuzizira, iwo akuganiza kuti uli ngati anzako onse. Ndipo tsiku limene chifuwa chidzakugwire, adzayamba kuganiza zimene iwe ukuziopazo, chifukwa palibe chinanso chimene akudziwa.

Ichi ndikuchinena chifukwa chinandichitikira, ndipo amayi ako okha ndi amene ankadziwa. Sitinakuuze kuti usadandaule uli pafupi ndi mayeso.

Chaka chatha m'nyengo yotentha tinali panyanja. Kutentha kwa kuno sikuli ngati kwa Okutobala kwathu ayi, mpweya umakhala wonyowa ngati nthunzi ya mumphika, ndipo lamulo linali loti masiki asachoke pamphuno. Ndikusefa ndinayamba kumva mutu kulemera, maso kuchita chidima, thukuta n'kusiya kutuluka. Woyendetsa boti, kuno amati nakhoda, bambo wachikulire, anandiyang'ana nandifunsa ngati ndili bwino. Ndinati ndili bwino. Patapita kanthawi madamu anafunsanso. Ndinati ndili bwino, madamu, zikomo. Sindinaganize n'komwe, pakamwa panayankha pokha. Ukudziwa mmene tinaleredwera, munthu akati muli bwanji umati ndili bwino, kaya inu, ngakhale mwendo uli wothyoka. Komanso pansi pamtima ndinkaopa ngati iwe, kuti ndikati mutu ukupweteka aganiza za korona.

Ndinadzidzimuka ndili chagada pansi m'boti, sefa ili uko. Chimene ndinaona poyamba ndi miyendo ya anthu itaima patali. Onse anabwerera m'mbuyo, Tiyamike. Anthu amene ndimadya nawo m'mbale imodzi. Sindikunamiza, zinandipweteka. Ba Mwale okha ndi amene anabwera ndi chidebe n'kundikhuthulira madzi, akutukwana m'Chinyanja chawo. Nakhoda anakuwa yalla, yalla, kutanthauza tiyeni msanga, boti linatembenuka, ntchito ya tsiku limenelo inathera pomwepo. Kuchipatala anati ndi kutentha, thupi linauma madzi. Koma popeza munthu wagwa mosadziwika bwino, anatiyeza tonse m'mphuno, ine ananditsekera chipinda chandekha mpaka zotsatira zitatuluka, chakudya akundisiyira pakhomo. Boti linaima, anzanga onse anakhala m'nyumba chifukwa cha ine. Korona sanapezeke mwa aliyense.

Ba Mwale anandiimbira foni ndili m'chipindamo. "Imwe aMalawi muli na vuto," anatero. "Olo bakuikeni mu bokosi, bakafunsa muli bwanji, muzayankha ati ndili bwino, kaya amene mwanyamulanu."

Ndinaseka, koma nakhoda atandiona pambuyo pake sanaseke. Anati, "Ndinakufunsa. Ukanati mutu, ndikanakukhazika pamthunzi, kukupatsa madzi a mchere ndi shuga, n'kupitiriza ntchito. Zikanathera pomwepo." Chipinda chandekha chimene ndinkachithawa ndinachilowa chifukwa chokhala chete. Ndikanalankhula kukadali m'mawa, aliyense akanadziwa dzina la vuto langa, ndipo palibe akanabwerera m'mbuyo.

Ndiye ukuona, mayi, sindikukuuza zinthu zimene ine zimandiphwekera. Pakamwa pako ndi panga ndi pamodzi. Amayi ako atamva za sokosi ija anandiimbira ali m'bafa ya mabwana awo, akunong'ona kuti ana asadzuke.

Anati, "Mwanayu watengera inu ndendende. Ndipatseni nambala ya kusukuluko ndiwaimbire ndekha amatroniwo."

Ndinati, "Dikirani kaye, amake Tiya. Tikamudumpha, aphunzira kubisa mochenjera kuposa apa."

"Nanga akagwa ngati mmene munagwera inu muja? Kumeneko kuli ba Mwale woti amuthire madzi?"

Apo ananena zoona. Ine ndinagwa masana pamaso pa anthu. Mphumu imakonda kubwera anthu atagona, ndipo siichedwa. Tinakangana pang'ono, amayi ako analira, kenako tinagwirizana kuti mpata woyamba ukhale wako. Ife tili kutali, sitingamakuyankhulire zaka zonse zimene ukakhale kumeneko. Koma ndawalonjeza kuti likafika Lamulungu iwe usananene, aimba, ndipo ine sindiwaletsa. Sindikukuopseza, ndikungofuna udziwe zonse poyera.

Sindikulonjeza kuti ukanena zonse zikayenda myaa. Mwina akakuyeza ndithu, mwina ena akakutcha maina masiku oyamba. Kukuyeza asakuvute, kumangoyabwa m'mphuno n'kutulutsa misozi, basi. Maina amatha, amapeza wina womuseka sabata yotsatira. Ndipo tsiku lina ukadzamva chifuwa chachilendo, chosiyana ndi chako cha masiku onse, thupi kutentha kapena chakudya kusamveka kukoma, chimenechonso ukanene msanga. Usadzati ndi mphumu yanga yomwe ija pamene ukudziwa kuti si iyo.

Kapampu kachotse m'sokosi lero lomwe, ukawerenga kalatayi. Masana kazikhala m'thumba la siketi, usiku pansi pa pilo, osati m'sutikesi yokhoma imene kiyi wake ungamusowe mumdima. Kachiwiri kamene azakhali ako anakatenga kuchipatala ukapereke kwa amatroni akusungire. Kabuku kako ka kuchipatala katenge, kakuchitire umboni kuti chifuwachi unayamba nacho korona asanamveke n'komwe. Pa ntchito za m'mawa ukapemphe kukolopa m'malo mosesa, ndipo ukakolope bwino kuti asati ndi ulesi. Mtsikana amene akagone pafupi nawe, kaya ndi wa kuti, kaya mukondana kaya ayi, umuonetse kapampuko n'kumuuza kuti akadzamva ukupuma moliza, asadikire, asakufunse, athamange kukadzutsa amatroni. Ndati asakufunse chifukwa ndikudziwa chimene ungamuyankhe.

Zina zonse za kusukulu azakhali ako akuuza bwino kuposa ine. Za anyamata, za kusamala katundu, za mapemphero, iwo ndi amayi ako akwanitsa. Uwerenge mwakhama, inde, koma wowerenga ndi amene akupuma. Ine yanga ndi imodzi yomweyi.

Anzanga ayamba kudzuka, mabotolo a dzulo akundidikira, ndiye ndimalize. Mawa ukangolembetsa dzina, azakhali ako asanakwere minibasi yobwerera, ufunse kumene kuli amatroni. Usadikire kuti uzolowere kaye, chifukwa ukadikira manyazi amakula. Ukagogode, ukapereke moni mwaulemu, akakufunsa kuti uli bwanji uyankhe mmene tinakuphunzitsira, palibe cholakwika. Koma usakatuluke pamenepo. Ukapitirize kuti, "Amayi, ndili ndi mphumu kuyambira ndili mwana. Ndikatsokomola usiku musadabwe. Mankhwala anga ndi awa." Mawu ake ndi omwewo, uwayeseze madzulo ano pamaso pa azakhali ako mpaka pakamwa pazolowere.

Ndipo ngati ukafika pakhomopo mawu n'kukuthera pakhosi, monga amandithera ine, usathawe. Ingotulutsa kapampuko m'thumba, ukaike patebulo pawo, uime pomwepo. Iwo ndi mayi, afunsa okha.

Mulungu akutsogolere panjira, mwana wanga. Inshallah, Mulungu akalola, njira zikatseguka ndibwera ndidzalione bedi limenelo ndi maso anga.

Ndine bambo ako,
Limbani